Sabata yofufuza leishmaniasis pa galu ku Mzuzu

Agalu owonda, othothoka ubweya ndi otupa mwanabele si achilendo pa chipatala cha ziweto muno mu Mzuzu. Ambiri amakhala ndi mphere, matenda a nkhupakupa kapena njoka zam'mimba. Sabata ino panabwera mmodzi amene anatidyera nthawi kuposa onse, ndipo chimene chinamusiyanitsa ndi anzake ndi kabuku kake ka katemera: zidindo zoyamba zinali za ku Portugal. Mwini wake, mayi wogwira ntchito m'bungwe lina, anabwera naye kuno zaka ziwiri zapitazo.

"Adokotala, chifikireni wakhala bwinobwino. Matenda a kumeneko angamuyambe lero?" anafunsa mayiwo Lolemba m'mawa. Angamuyambe ndithu. Kachilombo ka Leishmania infantum, koyambitsa matenda a leishmaniasis, kamatha kukhala m'thupi la galu miyezi kapena zaka osaonetsa kanthu. Kamafala ndi kantchentche kotchedwa sandfly, kotalika mamilimita 2 kapena 3 okha, koluma kuyambira chisisira mpaka mbandakucha. Matendawa ndi okhazikika ku Portugal, Spain, Italy, Greece, kumpoto kwa Africa ndi ku Brazil. N'chifukwa chake funso lakuti galuyu anabadwira kuti ndipo wayendako kuti limayamba, singano isanatuluke m'pepala lake.

Galuyo ubweya unali utathothoka mozungulira maso ndi m'mphepete mwa makutu, khungu likufundula timakoko toyera touma, zikhadabo zitatalika n'kupindika, minofu ya pamwamba pa mutu itafota. Mwanabele anali atatupa kutsogolo kwa mapewa ndi kuseri kwa mawondo. Sankadzikanda kwenikweni, pomwe galu wa mphere ya Sarcoptes sakhazikika ndi kuyabwa. Komabe tinapala khungu malo angapo ndi kalumo kopaka mafuta mpaka magazi kuyamba kutuluka pang'ono, chifukwa mphere ya Demodex imabisala pansi pa mizu ya ubweya ndipo nayonso siyabwa kwambiri. Sitinapeze kanthu.

Magazi anaonetsa PCV (gawo la maselo ofiira pa magawo 100 a magazi) ya 28, pomwe galu wathanzi amakhala pakati pa 37 ndi 55. Mapuloteni a m'magazi pa kachida koyezera kotchedwa refractometer anali 9.5 g/dL, okwera kwambiri kwa galu amene sanathe madzi m'thupi. Apa ndi pamene ambiri amafulumira. Kuchepa magazi, kukwera mapuloteni, kamfuno ndi mwanabele zimapezekanso pa bakiteriya ya Ehrlichia canis, yofala ndi nkhupakupa zofiirira za m'makola a agalu, ndipo kuno iyeyo ndiye amene timakumana naye kawirikawiri. Galu mmodzi akhoza kukhala ndi matenda onse awiri. Kupereka doxycycline, 10 mg pa kilogalamu tsiku lililonse kwa masiku 28, n'koyenera pa Ehrlichia, koma galu akasintha pang'ono musaganize kuti nkhani yatha. Choopsa kwambiri ndi kubaya dexamethasone kapena kupereka prednisolone pofuna kuti khungu lisalale msanga. Mankhwala amenewa amafoola chitetezo cha thupi, kachilomboko n'kuchulukana.

Lachiwiri tinakoka timadzi ta m'mwanabele. Timasankha wa kuseri kwa bondo kapena wa kutsogolo kwa phewa. Wa pansi pa chibwano timamupewa chifukwa amatupa ndi mano owola omwe, komanso singano imaphonya mosavuta n'kulowa m'chiwalo chopanga malovu. Mumagwira mwanabele ndi zala ziwiri kuti asathawe, n'kulowetsa singano ya 22G kapena 23G yopanda sirinji, kuikankha ndi kuibweza kangapo mbali zosiyana osaitulutsa pakhungu. Kenako mumadzaza mpweya mu sirinji ya 5 ml, kulumikiza, n'kuuzira kadonthoko pa kagalasi. Kagalasi kena mumangokagoneka pamwamba n'kukakoka mopepuka. Mukapanikiza, maselo amaphulika ndipo pa maikulosikopu mumangoona mizere. Mukakoka ndi sirinji mwamphamvu, mumadzaza magazi okhaokha.

Chinyontho cha Mzuzu chili ndi vuto lake. M'mawa wa nkhungu kagalasi kamachedwa kuuma, ndipo maselo ochedwa kuuma amakhwinyata. Kaumitseni pokupiza kapena ndi fani, osati pa lawi. Kakauma, methanol mphindi 2 kapena 3, kenako utoto wa Giemsa wosungunula gawo limodzi pa magawo 10 ndi madzi a pH 7.2, mphindi 20 mpaka 30. Madzi a pampopi amasokoneza mtundu. Giemsa wokhalitsa musefeni, chifukwa tizinyalala take timaoneka ngati tizilombo kwa munthu amene akufunitsitsa kupeza kanthu.

Chimene timafuna, pa lenzi ya mafuta ya 100, ndi tinthu tozungulira kapena tonga dzira, ta ma micron 2 mpaka 4 (ma micron 1,000 amapanga milimita imodzi), tili m'kati mwa maselo aakulu otchedwa macrophage kapena titamwazika pambali pa selo losweka. Kalikonse kamakhala ndi kadontho kakakulu kofiirira, ndipo pambali pake pali kandodo kakang'ono kakuda kotchedwa kinetoplast. Popanda kandodoko musalembe kuti Leishmania: mapulateleti, zidutswa za maselo ndi bowa wa Histoplasma zonse zimanamiza. Magalasi a Lachiwiri anali ndi maselo ambiri a plasma, kusonyeza kuti thupi likulimbana ndi chinachake, koma kachilomboko sikanaoneke. Mu lipoti tinalemba kuti "sikanaoneke pa magalasi awa", osati kuti galu alibe matenda. Tizilombo tikakhala tochepa, diso limatiphonya.



Lachitatu bambo wina anabwera ndi galu wochokera kufupi ndi Vwaza, m'boma la Rumphi: thupi lotentha, nkhope yotupa, mwanabele wotupa, maso atachita khungu loyera. Maso ndi mwanabele zikhoza kukumbutsa munthu za leishmaniasis, koma dera limenelo n'la kashembe, ndipo matendawa anayamba mwadzidzidzi. Tinazunguza magazi m'kachubu ka PCV mphindi 5, kukathyola pamzere woyera wa pakati pa maselo ofiira ndi madzi, n'kuika kadonthoko pansi pa kagalasi kovindikira. Ma trypanosome, tizilombo tofala ndi kashembe, ankaoneka akupiriringidza pa lenzi ya 40. Mankhwala ake, diminazene, amene alimi amawadziwa kuti Berenil, ndi 3.5 mg pa kilogalamu, ndipo galu ayenera kuikidwa pa sikelo, osati kuyerekeza ndi maso. Muyezo ukapitirira, kapena mukabwereza msanga, mankhwalawa amaononga ubongo wa galu. Bamboyo tinawauzanso kuti kumeneko kashembe amapatsira anthu kaodzera, choncho wa m'nyumba akamatentha thupi malungo osapezeka, akauze a kuchipatala dera limene amakhala. Nkhani ya galuyu ikukhudzanso leishmaniasis: Trypanosoma ndi Leishmania ndi pachibale, ndipo zoyezera zina za ma antibody (asilikali amene thupi limapanga polimbana ndi kachilombo) zimatha kuwasokoneza.

Lachinayi tinabwereza pa galu wa ku Portugal, mwanabele wa mbali ina komanso m'mphepete mwa kachilonda ka pa khutu. Pa kagalasi ka mwanabele, chakumapeto kumene maselo aakulu amaunjikana, panali macrophage yodzaza ndi tizilombo, kalikonse ndi kandodo kake. Kuona kachilomboko ndi maso ndi umboni wokwanira. Chikanakanika apa, chotsatira chinali mafuta a m'fupa, omwe timakoka pa nthiti kapena pa fupa la m'chiuno galu atagonetsedwa.

Kachoyezera magazi ka msanga ka leishmaniasis, monga ka rK39, kamathandiza kakapezeka, koma kamangonena kuti thupi linakumanapo ndi kachilombo. Sikanena kuchuluka kwa ma antibody, ndipo galu wongotenga kumene matenda akhoza kutuluka wopanda kanthu. Funsaninso ngati galu analandirapo katemera wa leishmaniasis kunjako, chifukwa katemera wina amasiya ma antibody. Muyezo weniweni wa ma antibody umachokera ku mayeso a ku labotale otchedwa IFAT kapena ELISA, ndipo umakhala wodalirika ukaposa malire a labotale katatu kapena kanayi. Potumiza, magazi a m'chubu chopanda mankhwala aundane kaye mphindi 30, muwazunguze, muchotse seramu (madzi otsala pamwamba) n'kuisunga pa madigiri 2 mpaka 8. Chubu chisakhudze ayezi mwachindunji m'kabokosi. Za PCR, muyezo wofufuza DNA ya kachilombo, timadzi ta mwanabele kapena mafuta a m'fupa n'zabwino kuposa magazi, chifukwa m'magazi tizilombo timachepa. Zopita kunja kwa dziko zimafuna zilolezo, ndiye yambani mwalankhula ndi a Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe komanso labotale yolandirayo musanatenge n'komwe.

Koma chimene chinatidetsa nkhawa tsikulo ndi mkodzo. Eni agalu amayang'ana khungu, pomwe chimene chimapha galu wa leishmaniasis kawirikawiri ndi impso. Ma antibody ochulukawo amamatana ndi zidutswa za kachilombo n'kukatsekera mu tisefa ta impso, mapuloteni n'kuyamba kutayikira mu mkodzo creatinine, muyezo wa m'magazi woonetsa ntchito ya impso, asanakwere. Kapepala koviika kanaonetsa mapuloteni ambiri mu mkodzo wosalimba kwenikweni. Kapepalaka kamanama mkodzo ukakhala ndi magazi, mafinya kapena pH yokwera, choncho tinauzunguza n'kuyang'ana zotsalira pansi, ndipo zinali zoyera. Muyezo wofunika ndi UPC, woyerekeza mapuloteni ndi creatinine wa mu mkodzo: ukaposa 0.5 pa galu, impso zakhudzidwa. Galu amene khungu lake laipa koma mkodzo uli bwino ali ndi mwayi kuposa wosalala amene akutaya mapuloteni.

Lachisanu tinakhala pansi ndi mayi aja. "Mayi, mankhwala alipo, koma amagonetsa matendawa, sawachotseratu." Njira yodziwika ndi allopurinol, 10 mg pa kilogalamu kawiri pa tsiku kwa miyezi 6 mpaka 12, pamodzi ndi miltefosine, 2 mg pa kilogalamu kamodzi pa tsiku kwa masiku 28, kapena jakisoni wa meglumine antimoniate, 100 mg pa kilogalamu pa tsiku kwa milungu 4. Allopurinol amapezeka m'mafamase a anthu chifukwa ndi mankhwala a gout, matenda otupitsa molumikizana mafupa, koma enawo amafuna kuitanitsa mwa dongosolo. Allopurinol amathanso kuyambitsa timiyala ta xanthine m'chikhodzodzo, n'chifukwa chake mkodzo uziyezedwa pa ulendo uliwonse: pakatha mwezi umodzi, kenako miyezi itatu kapena inayi iliyonse.

Galuyo avale kolala ya deltamethrin yothamangitsa kantchentche kaja, azigona m'nyumba usiku, asakwere kapena kukweredwa, ndipo asapereke magazi kwa galu wina, popeza matendawa amadutsanso m'njira zimenezo. Ngati pakhomo pali mphaka, mankhwala a permethrin odontheza pa galu pothamangitsa kantchentcheko asamukhudze, amapha amphaka. Munthu satenga matendawa posisita galu, koma Leishmania infantum imadwalitsanso anthu kudzera mwa kantchentche kaja, makamaka ana ndi amene chitetezo chawo n'chofooka. Matendawa ali pa mndandanda wa bungwe la WOAH, loona za umoyo wa nyama pa dziko lonse, choncho lipoti linapita ku ofesi ya boma yoona za ziweto tsiku lomwelo, ndipo magalasi awiri abwino tinawalemba tsiku n'kuwasunga m'bokosi louma kuti wofuna kutsimikiza adzaone yekha.