Bandi isamafere pa waya: magetsi, mawu ndi ndalama za pageti

Shoo zambiri za bandi kuno kwathu sizigwa chifukwa choti oyimba sadziwa ntchito. Zimagwera pa tinthu tonyozeka: waya woonda, jenereta yomwe ikukokanso mafiriji a bala, maiki yolira ngati mluzu, ndi ndalama za pageti zosagwirizana ndi chinamtindi chomwe chadzaza mu holo. Tikamakamba za luso lamakono pa nyimbo timathamangira ku YouTube ndi Spotify. N'zabwino ndithu, koma woyimba wathu amadyera pa siteji, ndipo ndi pomwepo pamene zipangizo zimayenera kuyamba kumuthandiza.

Tiyambe ndi magetsi, poti akavuta zonse zimaima. Kaya mukuyimba ku Robins Park, mu holo ya parishi ku Balaka kapena pamchenga ku Mangochi, musakwere siteji popanda jenereta yoyesedwa kale. Jenereta yolembedwa 5 kVA kawirikawiri imapereka pafupifupi mawati 4,000 okha, osati 5,000. Tsono werengani. Tinene kuti maampu, makina okuzira mawu aja, a masipika akuluakulu akudya 2,000, a gitala, besi ndi kiyibodi 800, nyali 500. Mwafika 3,300, ndipo ng'oma yaikulu ikagunda pamodzi ndi besi mphamvu imakokedwa modzidzimutsa, jenereta n'kutsamwa. Siyani gawo limodzi mwa atatu la mphamvu yake lili padera. Nyali zakale zija za mawati 1,000 imodzi zisiyeni, za LED zimadya pang'ono kwambiri. Mafiriji ndi ketulo za bala zikhale pa mzere wina, chifukwa firiji ikamayaka imatsitsa mphamvu ndipo masipika amamveka "thu!" pakati pa nyimbo.

Jenereta ikhale patali, mamita 20 kapena 30, panja pomwe utsi ukutuluka bwino. Koma mtunda wotere umafuna waya wonenepa, wa 2.5 mm kapena 4 mm. Waya wapanyumba uja umatentha n'kufikitsa magetsi ofooka, ampu n'kumazima yokha. Ndipo waya wokulungidwa pa chigubu chake muutambasule wonse, apo ayi umasungunuka.

Poyatsa, mikisa, makina osakanizira mawu a zida zonse, iyambe, maampu atsirize. Pozimitsa, maampu ayambe. Magetsi akathima mwadzidzidzi, munthu m'modzi athamangire kuzimitsa maampu asanabwerere, chifukwa kugunda kwa pobwerera ndi komwe kumang'amba masipika. Kawirikawiri pa bandi palibe yemwe anapatsidwa ntchito imeneyi, aliyense amangoyang'ana mnzake mumdima. Mikisa yamakono iikeni pa UPS, kabokosi ka batire kopereka magetsi akathima, yaing'ono ngati ya kompyuta ya mu ofesi: mikisayo imadya magetsi ochepa, ndipo simudikiranso kuti iyake mwatsopano anthu akukuwa.

Pali phokoso lina la "mmmm" lomwe limamveka m'masipika ngakhale palibe akuyimba. Nthawi zambiri limabwera zipangizo zikalumikizidwa ku masoketi osiyanasiyana. Zonse za mawu zichokere pa mzere umodzi, ndipo kiyibodi, besi ndi laputopu zidutse mu kabokosi kotchedwa DI, kali ndi batani la ground lift lodula phokosolo. Chonde, musachotse dzino lachitatu la pulagi. Phokoso limatha inde, koma woyimba akagwira nsambo za gitala mlomo uli pa maiki, magetsi amadutsa mwa iyeyo. Anthu amafa nazo zimenezi. Waya wa gitala usapitirire mamita 6; mtunda wautali ndi wa waya wa XLR, wa mano atatu uja.

Maiki ikalira, ambiri amathamangira kutsitsa mawu onse. Yambani mwaona malo. Masipika akuluakulu akhale kutsogolo kwa oyimba, ayang'ane anthu. Sipika yodzimvera ikhale pansi kuseri kwa maiki, komwe maikiyo siimva. Woyimba asafumbatire mutu wa maiki, chifukwa akatseka timabowo takumbuyo maiki imayamba kutola mawu mbali zonse. Pa mikisa, maiki iliyonse ya mawu muidule mawu a besi, apansi pa 100 Hz. Kwaya ya anthu makumi awiri safuna maiki khumi zotsegula, iliyonse yowonjezera imayandikitsa kulira. Ndipo musamangolumikiza masipika pa ampu imodzi ngati mukumanga mtolo wa nkhuni. Ma ohm, nambala yolembedwa pa sipika, akatsika ampu imalemedwa: masipika awiri a ma ohm 8 amapanga 4, anayi amapanga 2, ndipo maampu ambiri sapirira pamenepo. Fungo la chopserera lija limachokera apa.

Mikisa zoyendetsa ndi tabuleti, monga Behringer XR18, zasintha zinthu kwa mabandi oyendayenda. Woyang'anira mawu amayenda mu holo monse akumva zomwe anthu akumva, ndipo zomwe wakonza amazisunga, sabata yamawa ku Kasungu n'kungozitsegula. Msampha wake ndi uwu: WiFi ya m'kati mwake imagwira bwino holo ili yopanda anthu, koma anthu mazana akalowa ndi mafoni awo imaduka. Gulani rauta yapadera ya 5 GHz, muiike pamwamba, muitseke ndi pasiwedi.

Mikisa yomweyo imatha kutumiza chida chilichonse pachokha mu laputopu kudzera pa USB. Jambulani shoo iliyonse. Bandi imaphunzira zambiri pomvera momwe inayimbira dzulo, ndipo shoo yabwino ikhoza kusanduka chimbale popanda kulipira situdiyo. Kanema wa pafoni amawonongeka ndi mawu, osati chithunzi, chifukwa maiki ya foni imagonja pafupi ndi sipika. Tengani mawu pa aux, potulukira mawu papadera pa mikisa, adutse mu kabokosi ka USB kolowetsa mawu mu foni, ndipo maiki imodzi iyang'ane anthu kuti nthungululu zimveke. Popanda imeneyo shoo imamveka ngati mukuyeserera m'chipinda. Kuwulutsa pa Facebook kumadya pafupifupi 1.5 GB pa ola, choncho bandulo ya 4 GB ikhalepo pa shoo ya maola awiri, ndipo foniyo isalandire mafoni. Abale athu a ku Johannesburg ndi ku Britain amaonera. Ikani nambala yotumizira ndalama pakona pa chithunzi.

Tsopano pageti, pomwe maubale ambiri amathera. Gulitsani matikiti masiku angapo shoo isanafike kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, pa nambala ya bandi, osati ya mlamu wake wa woyimba. Mtengo wogula msanga ukhale wotsikirapo, ndalamazo zimalipira holo ndi mafuta a jenereta. Aliyense wolipira alembedwe dzina ndi manambala otsiriza a uthenga wa malipiro, mndandandawo usindikizidwe papepala, poti netiweki imalemera anthu akachuluka malo amodzi. Wapageti asakhulupirire uthenga womwe munthu akumuonetsa pa foni yake, chifukwa uthenga umatumizidwa kwa anzake asanu kapena kulembedwa pamanja. Aone pa foni yolandirira, achonge dzinalo, wolowayo avale kachingwe kapadzanja kapena adindidwe. Pamapeto zingwe zotsala, mndandanda ndi ndalama ziwerengedwe pamaso pa mwini malo ndi woimira bandi, usiku womwewo.

Manambala a ogula matikiti ndi chuma, koma pemphani chilolezo musanawaike pa gulu la WhatsApp, ndipo gululo likhale loti olemba ndi oyang'anira okha. Uthenga wa shoo unene tsiku, malo, nthawi, mtengo ndi nambala yolipirira m'mawu olembedwa, osati pa chithunzi chokha, poti ena bandulo yawo siyitsegula zithunzi. Kakanema ka masekondi 30 ka shoo yapitayi kamakoka anthu kuposa positala.

Chotsiriza chomwe oyimba ambiri amachinyalanyaza ndi pepala la nyimbo zomwe ayimba. COSOMA, bungwe lomwe lakhala likutolera ndalama za eni nyimbo kuyambira 1992, limapereka ziphaso kwa malo oyimbirako nyimbo pagulu, koma nyimbo yosalembetsedwa ilibe poigwirira. Lembetsani nyimbo zanu, mugwirizane polemba kuti wapeka ndani ndipo aliyense gawo lake ndi lotani nyimbo isanatchuke. Pepala lomatidwa pansi pa siteji lija mulijambule ndi foni shoo ikatha, mulembepo tsiku ndi malo, mulisunge mu foda imodzi ndi zojambula za usikuwo.