Zikomo nonse amene munandigwira dzanja pa kafukufukuyu

Dzulo ndinaima pamaso pa oyesa kufotokoza kafukufuku wanga, ndipo ndakhoza. Mtima sunakhazikike mpaka pano, koma ndati ndisagonenso kachiwiri ndisanathokoze.

Mayi, inu munkandifunsa kuti kodi timasamba timeneti ndikufunamo chiyani. M'maselo a tsamba muli timatumba tobiriwira totchedwa chloroplast, tomwe tili ndi DNA yaketake. Uthenga wa mu DNA ukakopedwa kukhala RNA, pamalo ena chilembo C chimasinthidwa n'kukhala U, ndipo pokhapo m'pamene puloteni imatuluka yolongosoka. Akatswiri anaziona koyamba mu chloroplast m'chaka cha 1991, mu jini ya chimanga yotchedwa rpl2, momwe ACG imasanduka AUG, chizindikiro choti ntchito yopanga puloteni iyambe. Kachilembo kamodzi kokha! Mpaka lero ndimachita nako nthumanzi.

Kwa aphunzitsi amene munkandiyang'anira, ndilibe nazo mawu. Miyezi yoyamba nkhani ya mapuloteni a PPR, omwe amapeza pa RNA malo oyenera kusinthidwa, inkandizunguza mutu. Munakhala nane pansi n'kujambula papepala tizigawo tobwerezabwereza, kalikonse ka ma amino acid (tizidutswa topanga puloteni) pafupifupi 35, kalikonse kogwira chilembo chimodzi cha RNA, mpaka puloteniyo itapeza malo ake enieni. Kumapeto munalemba DYW, mbali yokhala ndi zinki yomwe imasintha C uja, ndipo pambali munaikapo MORF2 ndi MORF9, othandizira ake. Munandiuzanso za CRR4, puloteni yoyamba ya mtundu wa PPR kudziwika pa ntchitoyi mu 2005. Pepala limenelo ndikadali nalo, ngakhale lathetheka m'mbali.

Chaka chachiwiri firiji yozizira kwambiri inazima usiku, RNA ya miyezi isanu n'kuwonongeka yonse. Ndinalira, ndipo ndinatsala pang'ono kuzitaya. Achemwali amene mumasamalira labu, simunalankhule zambiri. Munangotulutsa mbale zatsopano, tinayamba kudzalanso njere za Arabidopsis, kachomera ka kafukufuku wanga, zazing'ono ngati fumbi, imodziimodzi mpaka maso kuwawa. Ndinu amene munandiphunzitsa kusintha magolovesi pafupipafupi, poti RNA siichedwa kuwonongeka ikakhudzana ndi dzanja. Ambuye akudalitseni.

Tsiku limene zotsatira za ndhB, jini ya mu chloroplast, zinabwera sindidzaliiwala. Pa kompyuta, chomera chabwinobwino chinaonetsa kamzere kofiira ka T, chilembo choimira U pa makinawa, kusonyeza kuti C wasinthidwa. Chomera chosowa puloteni yofunika pa kusinthaku chinaonetsa kamzere kabuluu, C ali chikhalire. Ndinaitana mnzanga wa pa tebulo loyandikana kuti aone ngati maso sakundinamiza, iye n'kungondikumbatira.

Anzanga amene munkathirira mbewu zanga ine ndikudwala, zikomo. Achimwene, amene munkandiimbira foni usiku uliwonse pamene ndinkalemba, zikomo kwambiri. Mayi, sabata yamawa ndikubwera ndi bukulo, ndidzakuwerengereni ndekha tsamba lomwe lili ndi dzina lanu.