Zikomo nonse, mashelefu aja alowa m'golosale

Dzulo madzulo takhoma shelefu yomaliza m'golosale ya mayi aja ku Bembeke, ndipo ndalama yotsala andipatsa. Ndati ndisakhale chete, chifukwa masabata atatu apitawa ndinatsala pang'ono kubweza dipoziti n'kukapepesa.

Ambiri mukudziwa kuti mu Meyi akuba anathyola kashedi kanga ka ukalipentala kuno ku Dedza boma n'kunyamula sowo yanga yamagetsi yozungulira ija pamodzi ndi puleni. Inapulumuka ndi jigsaw yokha, kasowo kamagetsi kokhala ndi kampeni koyenda chokwera ndi chotsika, yomwe alamu anga ananditumizira kuchokera ku Joni, poti usiku umenewo inagona kunyumba. Ine makina amenewa ndinkangokhotetsera maluwa a kumutu kwa bedi. Ndiye taganizani, oda ya mashelefu ndi kauntala, mizere yowongoka yokhayokha, pa blockboard ya mamita 2.44 m'litali ndi 1.22 m'lifupi.

Bodi yoyamba ndinaipha. Ndinalemba mzere ndi pensulo n'kumautsata ndi maso, koma podulapo panatuluka ngati padutsa njoka. Yachiwiri pamwamba inaoneka bwino, kuitembenuza, m'mphepete monse mwapendekera, sikweya osakhala. Mayi a kunyumba sananene kanthu, komatu ndalama ya mabodiwo anachita kukongola ku banki m'khonde.

Woyamba kumuthokoza ndi inu madala, amene munayamba kucheka paini wa ku Chongoni ine ndisanabadwe. Munabwera m'mamawa chisanu cha Juni chili tho, munandiyang'ana ndikudula kachidutswa, n'kungoti, "Mwana wanga, ukukankha ngati ukulima mphanje." Ndinaseka, koma zinandilasa.

Zomwe munandionetsa ndizilemba pano kuti wina asataye bodi ngati ine. Kampeni ka jigsaw kamagwiridwa kumtunda kokha, kunsi kamangolendewera, ndiye ukakakamiza kamapindika mkati mwa thabwa iwe osaona. Munayamba mwazula pulagi n'kuika sikweya pakati pa kampeni ndi phazi la makina, kachitsulo kafulati kamene kamagona pathabwa. Phazilo linali litapendekera pang'ono, mwina kuyambira m'basi ya ku Joni. Kenako munanditulutsitsa kampeni kowonda kokhotetsera kaja, tinaikapo kotakata, ka Bosch kolembedwa T101B. Kabatani ka m'mbali kamene kamachititsa kampeni kuponyera kutsogolo munakabweza pa 0. Makina amayenda pang'onopang'ono akakhala pamenepo, koma amadula mosalala.

Nzeru yeniyeni inali ya chotsamira, thabwa lowongoka loti phazi la makina lizitsamira podula. Munatenga m'mphepete mwa bodi mmene munadulidwa kufakitale, poti ndimo mowongoka kwenikweni, n'kuyeza kuchokera pa mano a kampeni kufika m'mbali mwa phazi. Muyezo womwewo tinausuntha kuchoka pamzere, kumayambiriro ndi kumathero, n'kumanga chotsamiracho ndi makilampu awiri. Apa maso sakhalanso pa pensulo. Ntchito ya dzanja n'kungoonetsetsa kuti phazi lagona pathabwa ndipo latsamira, basi. Makina uyatse asanakhudze thabwa, akoke okha.

China chimene sindinkachilabadira: mano a kampeni amaluma pokwera, ndiye kumathetheka ndi kumwamba. Nkhope yabwino ya bodi izikhala pansi. Pansi pomweponso tinayala matabwa mbali zonse ziwiri za mzere kuti chidutswa chisagwe n'kupana kampeni kapena kunyotsola pomaliza.

Ndisanamize anthu, chotsamira si mankhwala a zonse. Tsiku lina magetsi atabwera mochedwa ndinathamanga ndi kampeni kobuntha, ndipo kanapindikabe chotsamira chili pomwepo. Miyendo ya kauntala, ya paini wa mainchesi awiri, munandiletseratu kuidula ndi jigsaw. Ndinaicheka ndi sowo ya manja, thukuta kamukamu ngakhale kunkazizira. Ndikapeza ndalama sowo yozungulira ndigulanso ndithu.

Mayi a kunyumba, ngongole ija tikabweza Lachisanu lisanakwane. Zikomo chifukwa cha tiyi wa m'mamawa uja ndi kugwirira mabodi mwana ali kumsana. Alamu ku Joni, mphatso yanu ndinkaiyesa chidole, ndikhululukireni. Achimwene owotcherera zitsulo pafupi nane, makilampu anu ndabweza onse awiri, muwawerenge. Akondakitala amene munanditengera timipeni ku Lilongwe osandilipiritsa kanthu, Mulungu akudalitseni. Ndipo inu mayi eni golosale, munadikira sabata yathunthu katundu ali m'makatoni, osandiimbira foni mokalipa ngakhale kamodzi. Si makasitomala onse amatero.

Mabodi awiri ndinawononga aja sanapite pachabe, ndadulamo timashelefu ta mbale kunyumba. Madala, munakana ndalama, koma tambala uja musamukane. Ndibwera naye Loweruka.