Ndani afunse nduna, ndipo pa nambala yanji?

Pa zomwe ndawerenga mwezi uno za kayendetsedwe ka nyumba zamalamulo, yandigwira mtima ndi nkhani yooneka ngati yaing'ono: aphungu ndi ambirimbiri koma nthawi ya mafunso ndi ola limodzi kapena osakwana, ndiye aimirire ndani?

Ku House of Commons ya ku Britain amachita maere. Aphungu amapereka mafunso pasadakhale, kompyuta n'kusakaniza mayina. Maunduna amayankha mosinthana, uliwonse pafupifupi kamodzi pa masabata asanu, pomwe Nduna Yaikulu imayankha Lachitatu lililonse kwa theka la ola kuyambira mu 1997. Ku India, mu Lok Sabha, nakonso ndi maere. Maunduna adawagawa m'magulu asanu, gulu lililonse ndi tsiku lake, ndipo mafunso oyankhidwa pakamwa sapitirira 20 patsiku.

Maere sakondera, n'zoona. Koma kulowa pamndandanda n'kwina, kuyankhidwa n'kwinanso. Funso loyamba likadya mphindi khumi, nduna ikungozungulira, wa pa nambala 18 amangomva kuti nthawi yatha, yankho lake lidzabwera papepala. Wina anganene kuti yankho ndi yankho basi. Ayi ndithu. Mphamvu ya funso lapakamwa ili pa funso lowonjezera, lija nduna sinalione pasadakhale, lomwe akuluakulu a ku unduna sanailembere yankho. Pepala sungalipanikize kuti, "Nanga a Nduna, ndalama za mlatho uja zinapita kuti?"

Maere omwewo ali ndi chinyengo chake. Atsogoleri a chipani akagawira aphungu awo ambiri funso limodzimodzi, ali ngati munthu amene wagula matikiti odzaza thumba pa mpikisano, pomwe phungu woima payekha ali ndi kamodzi kokha.

Ku New Zealand adasankha njira ina: mafunso 12 patsiku, ogawidwa molingana ndi kukula kwa zipani, ndipo nduna saziwerengera pogawapo. Chipani chaching'ono chimadziwiratu gawo lake. Vuto n'lakuti mpata umakhala wa chipani, osati wa phungu, moti wosamvera mabwana akhoza kukhala chete nthawi yaitali. Mipata ya mbali ya boma nayo nthawi zambiri imathera pa mafunso ongopatsa nduna danga lodzitamandira. Ku Australia mpaka adawapatsa dzina, Dorothy Dixer.

Chomwe sindinkachiwerengera poyamba ndi wotchi. Ku Canada nthawi yonse ya mafunso ndi mphindi 45, koma funso ndi yankho amazipatsa masekondi 35 chilichonse, ndiye aphungu ambiri amapeza mpata. Mayankho ake amakhala osaya, komabe nduna singathe kumaliza nthawi dala ndi mawu ambirimbiri. Akanandifunsa ine, ndikanasunga maere, Sipikala n'kumadula yankho lotalika mosayang'ana nkhope, ndipo funso lomwe silinafikidwe lero likhale pamwamba undunawo ukadzabweranso kudzayankha.