Achimwene ankafuna kakang'ono kosanunkha, ine ndinayambira pa batire

Ndimakonza mafoni m'tauni muno mu Harare, ndiye pachibale pathu chilichonse chokhala ndi batire chimafikira kwa ine, kaya ndi tochi, kaya wailesi ya agogo. Achimwene anga aakulu, amene amamanga nyumba ku Johannesburg, atafuna vaporizer, kachipangizo kotenthetsera chamba kuti ukoke nthunzi m'malo mwa utsi, nawonso anandipeza pa WhatsApp. Fodya wamkulu anamuyamba ali mnyamata ku Mufakose, komboni ya muno mu Harare, ndipo alamu anali atatopa ndi kutsokomola kwa m'mamawa komanso fungo lomwe linkakakamira m'makatani ndi m'mayunifolomu a ana. Zofuna zawo zinali ziwiri basi: kakhale kolowa m'thumba la buluku, ndiponso kasamanunkhe.

Tisanakambe za mtengo ndinayamba ndi malamulo, chifukwa achimwene amabwera kuno Khirisimasi iliyonse ndipo ndimawadziwa, chimene chili m'thumba mwawo chimawoloka nawo Limpopo. Ku South Africa khoti lalikulu linagamula mu Seputembala 2018 kuti munthu wamkulu asamamangidwe chifukwa chosuta kapena kulima chamba chake pamalo pake, ndipo mu 2024 Cyril Ramaphosa anasainira lamulo lotsatira chigamulocho. Kugulitsa sikunaloledwe. Kuno zinthu n'zina. Mu 2018 boma la Zimbabwe linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha kafukufuku kwa okhala ndi laisensi okha, ndipo mu 2022 bungwe loyang'anira mankhwala la MCAZ linatsegula khomo la mankhwala olembetsedwa a CBD, mbali ya chamba yosaledzeretsa. Anthu ambiri m'makomboni anamva theka la nkhaniyo n'kumati mbanje, dzina la chamba kuno, aimasula. Sanaimasule. Ukapezeka nayo, gawo 157 la Criminal Law Code, lamulo la milandu ya upandu, likudikira, ndipo anthu akulowa nayo m'ndende. Kumudzi ku Malawi n'chimodzimodzi: lamulo la 2020 ndi la olima ndi chilolezo, silinamasule kusuta. Ndinawauza kuti, "Achimwene, ndikuthandizani kusankha, koma kachipangizoko kakhale nzika ya ku Joni. Kakagwira ntchito kamodzi kokha kamakhala ndi zotsalira mkati, ndiye pa malire a Beitbridge musadzafike nako." Anaseka, koma anavomera.

Chachiwiri sanachikonde. Ndinati apite kaye kukayezetsa makhololo. Munthu wotsokomola milungu iwiri kapena kuposa, wogwira ntchito m'fumbi la simenti, m'dziko limene chifuwa chachikulu chili ponseponse, sayenera kungoganiza kuti vuto ndi utsi. Alamu ndi amene anawakokera kuchipatala. Zotsatira zinatuluka bwino, ndipo ndi pamenepo tinayamba kusankha.

Chithunzi choyamba chimene ananditumizira chinali cha kacholembera kaja kokhala ndi kabotolo ka mafuta pamwamba. Ndinakana nthawi yomweyo. Zimenezo ndi zamtundu wina, ndipo sudziwa chimene wothira mafutawo anasakanizamo. Ku America mu 2019 anthu anayamba kugonekedwa m'zipatala mapapo atawonongeka, ndipo pofika mu Febuluwale 2020 bungwe la zaumoyo la CDC linali litawerenga odwala 2,807 ndi omwalira 68. Chimene chinapezeka kwambiri m'mapapo mwawo chinali vitamin E acetate, amene ogulitsa mwachinyengo ankasungunulira mafuta a THC, mbali ya chamba imene imaledzeretsa. Chimene ife tinkafuna ndi cha masamba ouma: umaika tsamba limene ukuliona ndi maso ako, palibe chothira.

Mmene chimagwirira ntchito ndinawafotokozera ndi zimene tonse tinakulira. Malemu bambo, atachoka ku Dedza, anagwira ntchito zaka zambiri m'mabalani a fodya kumafamu a ku Mvurwi. M'balani moto umayaka kung'anjo, kutentha n'kumayenda m'mapaipi, tsamba limauma osakhudzidwa ndi lawi, ndipo wosamala moto akalekerera, balani yonse imapita. Vaporizer ndi balani ya m'manja. Imatenthetsa tsamba mpaka mafuta ake asanduke nthunzi, koma osafika poyaka. Nsonga ya ndudu yoyaka imapitirira madigiri 600, pomwe tizipangizo timeneti timagwira ntchito pakati pa 160 ndi 220, ndipo ukapitirira cha m'ma 230 tsamba limayamba kupsa, wabwereranso ku utsi umene umauthawa. N'chifukwa chake ndinakaniratu zotchipa zija za batani limodzi, zopanda nambala yoonetsa kutentha. Zina mwa izo zili ndi kawaya kofiira kamene kamakhudza tsamba n'kuliyatsa. Imeneyo ndi ndudu ya magetsi chabe.

Zenizenizo zili m'magulu awiri. Zina zimatenthetsa makoma a kauvuni, tsamba n'kumatenthedwa ndi chitsulo chimene lagonapo. Pamabokosi amalemba kuti conduction. Zimakhala zazing'ono, koma tsamba limapitiriza kuphikika ngakhale usakukoka, ndiye limatha msanga ndipo fungo limatuluka lokha. Zina zimatenthetsa mpweya, mpweyawo n'kudutsa m'tsamba pokhapokha ukakoka, ndiye convection. Zimasunga tsamba, sizinunkha kwambiri zikangokhala, koma zimadya batire ndipo zimafuna kukoka pang'onopang'ono, motalika. Munthu amene wazolowera kukoka ndudu mwamphamvu zaka makumi awiri amayamba wakhumudwa kaye.

Tsopano batire, pamene ineyo ndimadyera. Tsiku lililonse patebulo panga pamafika mafoni abwinobwino amene afa chifukwa cha batire yokha, yotupa mpaka kukankha galasi. Batire ya lithium ikatchajidwa kambirimbiri imafooka, ndipo kutentha kumaifooketsa msanga. Nanga kachipangizo kamene ntchito yake ndi kutentha kumene, batire ili pafupi ndi kauvuni? Ndinawauza achimwene kuti funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti batire ikafa ndipanga bwanji. Ngati yankho ndi kutumiza kunja kwa dziko kapena kutaya, ganizani kawiri. Zabwino kwa anthu ngati ife ndi zotsegula kachitseko n'kusolola batire ya 18650, ija yooneka ngati ya tochi koma yokulirapo, mamilimita 18 m'mimba mwake, 65 m'litali. Ukakhala ndi ziwiri, ina ikugwira ntchito ina ili pa tchaja. Amene anakhalapo mumdima nthawi imene madzi anatsika ku damu lopangira magetsi la Kariba, kapena pa kuzimazima kwa magetsi a Eskom ku South Africa, safunika kuuzidwa ubwino wake.

Koma pa 18650 pomwepo ndi pamene pali mbava. M'misewu ya m'tauni muno ndimaona mabatire olembedwa 9900mAh, nambala ya mphamvu imene akuti amasunga, okutidwa ndi pepala lowala. Bodza lenileni. Batire ya kukula kumeneku yochokera ku makampani odziwika monga Samsung, Panasonic, Murata kapena Molicel imathera cha m'ma 3500mAh. Tsiku lina ndinasenda imodzi mwa zabodzazo: inali yopepuka m'manja, pamutu pake pali zipsera za kuwotcherera kwakale, kusonyeza kuti inazulidwa mu laputopu yakufa n'kuvekedwa malaya atsopano. Yotere ukaiika m'chinthu chokoka mphamvu zambiri imatentha, ndipo chinthucho chili pakamwa pako. Ndinawalamulanso kuti batire yapadera isamayende yokhayokha m'thumba pamodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo. Ikhale m'kabokosi kapulasitiki, ndipo chikutiro chake chikang'ambika isiyidwe.

Potchajira napo ndinaumirira USB-C. Tchaja yamtundu wakewake ikasowa, wagwira njakata.

Ndi miyezo imeneyi tinayamba kudutsa mayina amene anyamata a kuntchito kwawo ankawatchula. PAX, ya ku America, ndi imene achimwene anaikonda ndi maso: yosalala, yaing'ono, munthu angaganize kuti ndi pawabanki. Ndi ya conduction, batire yake ndi yotsekeredwa mkati, ndipo PAX 3 imatchajidwa ndi kampando kake ka maginito. Pa kubisika yapambana, pa mafunso anga aja ayi. Mighty, yopangidwa ndi Storz & Bickel ku Tuttlingen m'dziko la Germany, ndi imene ambiri amaitama. Ndi kampani yomwe inatulutsa Volcano mu 2000, ndipo ili ndi mitundu ina yovomerezedwa ngati zipangizo zachipatala. Kutentha umasintha digiri imodziimodzi mpaka 210, ndipo Mighty+ ya 2021 ili ndi USB-C. Koma ndi chimphona, m'thumba la jinzi sichikhala bwino, mabatire ali mkati, ndipo mtengo wake nthawi imeneyo unali pamwamba pa madola 300. Achimwene atamva anangoti, "Iwe mphwanga, imeneyo ndi lendi."

DynaVap ineyo inandikopa. Ilibe batire n'komwe. Ndi kachitsulo kotalika ngati ndudu, umatenthetsa chipewa chake ndi laita ya gasi ya lawi labuluu, chikalira kuti "tiki" wadziwa kuti chafika. Palibe choti chife, ndipo mitundu yake yoyambira sinkafika madola 100. Vuto ndi lakuti ukachedwa kuchotsa lawi tsamba limapsa, komanso palibe chobisika pa bambo wamkulu amene akuwotcha kachitsulo ndi lawi. Arizer ya ku Canada imagwiritsa timapaipi tagalasi, tosavuta kutsuka, ndipo ina mwa mitundu yake ili ndi batire yosolola. Apa anakana ndi alamu. Iwo anakulira ku Mbare, anaona mmene mutoriro, mankhwala osokoneza bongo a crystal meth, wathera ana a anthu, osuta ndi timagalasi ta mababu. Anati kapaipi kagalasi m'nyumba mwawo ayi, ngakhale atawafotokozera bwanji. Sindinatsutse. Komanso galasi m'chikwama cha mmisiri, pakati pa nyundo ndi chipande, silikhalitsa.

Tinathera pa XMAX V3 Pro, ya ku China: convection, batire ya 18650 yosolola, USB-C, nambala yoonetsa kutentha, mtengo wosafika theka la Mighty. Si yokongola ngati PAX, komabe m'thumba imalowa. Ndinati agule m'sitolo yokhala ndi khomo ndi lisiti konko ku Joni, osati kwa munthu wa pa Facebook amene mawa adzasintha nambala, chifukwa mayina otchuka onsewa ali ndi zofanizira zake zabodza ndipo pulasitiki wa zabodzazo sudziwa amatulutsa chiyani akatentha.

Itafika tinaiyesa pa vidiyo, iwo uko ine kuno, foni nditaitsamiritsa pa botolo la flux, mankhwala owotcherera mawaya. Ndinati aiyatse yopanda kanthu, kutentha kokwera kwambiri, aisiye izime yokha, abwerezenso, kuti mafuta a kufakitale apse. Kenako anunkhize. Fungo la pulasitiki likapitirira, abweze. Linatha. Tsamba lifunika lopera bwino, louma koma losafumbutuka, ndipo m'za convection sulikanikiza, umangothira mpweya uzidutsa. Anayambira pa 180. Atakoka koyamba anandiyang'ana mokwiya. "Palibe chikutuluka apa." Ndinati adikire. Nthunzi ya pa 180 ndi yopyapyala, imazimirira msanga, ndiye munthu wozolowera mtambo amaganiza kuti wabetsa ndalama n'kumakoka mobwerezabwereza. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Ofufuza a ku Johns Hopkins anapeza mu 2018 kuti kwa anthu osasuta kawirikawiri, mlingo womwewo wa THC umaledzeretsa kwambiri ukakokedwa ngati nthunzi kusiyana ndi utsi. Kachipangizoka kamachepetsa phula ndi mpweya woipa wa moto, koma chamba chimakhalabe chamba. Amene mutu wake sugwirizana nacho, makamaka achinyamata, ku Annex, chipatala cha odwala misala muno mu Harare, angathe kukafikabe ngakhale atagula cha madola angati.

Za fungo ndinawauza zoona, osati za pabokosi. Limachepa ndithu, silikakamira m'nsalu ngati utsi, ndipo patapita kanthawi m'chipinda mumayera. Koma lilipo, ndipo wokhala nawe pafupi adziwa. Alamu anaika lamulo lawo: panja kuseri, ana atagona, osati m'galimoto, osati m'mawa popita pa sikafodi. Chinanso, chimene chimanunkha kwambiri si nthunzi ayi, koma kachipangizo kauve. Utomoni umaunjikana pa kasefa ndi pokokera, mpweya n'kuyamba kuvuta. Mankhwala ake ndi omwe ndimatsukira mabodi a mafoni, isopropyl alcohol, ndi kathonje ka m'makutu. Umachotsa batire kaye, zitsulo zosolokazo n'kuziviika, kuzitsukuluza ndi madzi, kuziyanika mpaka ziumiretu. Sipiriti wapepo wa m'mahadiweya asayandikire, ali ndi zothira zina zosayenera kulowa m'mapapo. Kauvuni kamafuna kaburashi kakadali kofunda, zinyalala zisanaume.

Patapita milungu ingapo alamu ananditumizira chithunzi cha sosala yodzaza ndi zotsalira, zofiirira ngati masamba a tiyi, ili pawindo la kukhitchini. Ankafunsa ngati angathire m'maluwa. Ndinawaimbira pomwepo. Tsamba lotuluka mu vaporizer si phulusa, mphamvu ina imatsalamo, ndipo popeza latenthedwa kale limagwira ngakhale munthu atangolidya. Mwana wawo wamng'ono ali pa msinkhu wotola chilichonse n'kuponya m'kamwa, ndipo pabwalo pali galu wa eni nyumba. Tinagwirizana kuti zizithiridwa m'chimbudzi tsiku lomwelo, ndipo kachipangizoko ndi mabatire ake zizikhala m'bokosi la zida la achimwene, lija lokhala ndi loko.