Phiri la Soche likadali ndi zipsera

Dzulo ndinadutsa ku Chilobwe, ndipo mtima unandipweteka nditaona kuti anthu ayambanso kumanga nyumba m'mphepete mwa zigwembe zomwe madzi a namondwe wa Freddy anakumba mu Malichi 2023. Miyala ikuluikulu yomwe inagubuduzika kuchokera m'phiri la Soche ikadali pomwepo, ana akusewera pamwamba pake. Namondweyo anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi.

Omangawo sindikuwaweruza, chifukwa lendi mu Blantyre ndi yowawa, koma boma liwapezere malo otetezeka mvula isanayambe, ndipo mitengo yomwe inathera ku makala m'phirimo ibzalidwenso.