Minibasi itafera pa Lizulu

Minibasi yathu inafera pa Lizulu madzulo ena a mu July, chifunga chitatsika kale. Kondakitala anati ndi fanibelo chabe, tisapite patali. Ife tinathawira m'kagolosale, poti mphepo ya kumeneko imalowa mpaka m'mafupa.

Mwini wake, bambo wachikulire wa chipewa chaubweya, anatikokera benchi n'kutithirira tiyi osalipitsa. Pa TV ankabwereza mpikisano wa ski jumping: munthu akutsetsereka pachitunda cha chipale chofewa, matabwa aatali kumapazi, kenako uyo m'malere! Mayi wina wa dengu la kachewere anagwira pakamwa.

"Agogo, ameneyu wakhumudwa ndi chiyani kuti adziponye chonchi?"

Mdalayo anaseka mpaka kutsokomola. Kani amawatsata masewerawa kuposa mpira. Anatiuza kuti zitunda zimasiyana: pachaching'ono amagwera cha pa mamita 100, pachachikulu 130 kapena 140, ndiye pali zouluka zenizeni monga cha ku Planica ku Slovenia, kumene Domen Prevc anafika mamita 254.5 mu 2025. Kuposa mabwalo awiri a mpira kuwalumikiza, munthu osaponda pansi.

Apa anadzuka pampando kuti tione bwino. Anatambasula mapazi, zidendene pamodzi, zala kunja. Kale ankadumpha matabwa atagundana, mpaka Jan Boklöv wa ku Sweden anayamba kuwatsegula kutsogolo m'ma 1980. Oweruza ankamudula mapointi kuti n'zonyansa, koma mphepo inkamunyamula bwino, ndipo lero aliyense amatero. Potera napo pali lamulo: mwendo wina kutsogolo, mawondo opinda, manja otambasula. Amati telemark. Agogo anayesa pakati pa matumba a shuga, botolo la mafuta n'kugwa pashelefu. Ine ndimaona kuti n'kupanda chifundo, munthu wauluka mtunda wonsewo, iwe wakhala pofunda n'kumamuwerengera mawondo.

Fanibelo inabwera pa kabaza kuchokera ku Ntcheu boma kutada. Mukamadutsa njira imeneyi miyezi yozizira tengani juzi yeniyeni, ndipo kabichi ndi kachewere gulani pomwepo, ku Lilongwe mtengo wake mudzalira. Koma ndalama yonse musamapereke galimoto isanadutse Lizulu. Ena amene anakwera basi ina sanabwezeredwe olo tambala, kondakitala akuti anagulira fanibelo.